Mwendo woimira ndiwo mwini gule: kuwongola chiuno pa barre

Ophunzira ballet ambiri maso awo amathera pa mwendo umene ukuyenda. Ukakwera, mtima m'malo. Ukakana kukwera, nkhope yagwa. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake sayambira kumeneko. Iye amayang'ana mwendo winawo, wotsala pansi uja, ndi chiuno chimene chakhala pamwamba pake. Mwana akamagwedera pa tendu (kukwekwesa phazi pansi mpaka litawongoka), akamakoka barre (mtengo wogwirapo dzanja) mpaka mitsempha ya dzanja kuonekera, akamagwa nthawi iliyonse imene wasiya kugwira, kawirikawiri mlandu suli pa mwendo woyendawo. Uli pa woimira.

Malangizo awa ndi a inu amene mukuphunzira kapena kuphunzitsa gule ameneyu kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene malo ovinira angakhale holo ya tchalitchi, kalasi ya sukulu ana akaweruka, kapena pabalaza foni itatsamira pa mpando. Ambirife tilibe munthu woti azitigwira m'chiuno n'kutiwongola tsiku ndi tsiku, ndiye tiyenera kudziwa kudziyeza tokha.

Tivomerezanenso chinthu chimodzi tisanayambe. Magule athu amafuna chiuno chomasuka. Mtsikana wokulira m'bwalo la chimtali amadziwa kudikula asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo mnyamata wa ngoma ku Ntcheu akakweza mwendo kuti aponde pansi mwamphamvu, thupi lonse limapita nawo. Zimenezo zimapatsa mwana khutu lomva nyimbo ndi miyendo yolimba, zomwe ndi phindu lalikulu. Koma ballet amapempha zina: chiuno chikhale bata, miyendo iziyenda payokha pansi pake. Thupi lozolowera kuti chiuno chizitsata mwendo silisintha m'sabata imodzi.

Konzani malo

Barre ndi mtengo kapena paipi yopingasa yogwirapo dzanja. Ngati muli ndi khoma loti mukhomepo, kalipentala akhoza kukukonzerani mtengo wowongoka wa bulugama kapena paini, wonenepa masentimita 4 kapena 5, wopalidwa bwino ndi sandipepa kuti usalase zikhatho. Ukhale pakati pa chiuno ndi nthiti za wovinayo. Kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, kwa ana mutsitseko. Muyeso weniweni ndi phewa: dzanja likakhala pa barre, phewa lisakwere. Mukasowa zonsezi gwiritsani ntchito mpando. Ine ndimaukonda mpando wapulasitiki wa m'tchalitchi uja, chifukwa mukaukoka umakutsatirani, ndiye sungakubisireni kuti mukuyedzamira.

Pansi pa simenti palibe vuto pa ntchito ya barre, bola musese mchenga. Podumpha m'pamene simenti imapweteketsa misongolo ndi mawondo, choncho kudumpha kukhale kochepa. Simenti yopolisha ndi masokosi n'zoterera; yesani kaye musanaike ana.

Za kuzizira sindingazilumphe. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,600, ndipo m'mawa wa mu Juni ndi Julayi minofu imakhala youma. Musayambe plié (kupinda mawondo) muli chinjenjemere. Tengani mphindi 10 kuyenda mofulumira m'holomo, kuthamanga pang'ono pamalo amodzi, kuzunguza akakolo ndi mapewa, mpaka thupi litafunda. Juzi muvule pambuyo pake.

Chitenje ndi siketi yaitali zimabisa zonse zimene tikufuna kuona. Valani kabudula kapena buluku lothina, malaya mupisire. Galasi lalitali likapezeka ndi bwino. Likapanda kupezeka, foni yoimikidwa pa msinkhu wa chiuno, yojambula kuchokera kutsogolo kenako kuchokera kumbali, imagwira ntchito kuposa galasi, chifukwa simukhotetsa khosi kuti mudzione.

Pezani chiuno chanu

Ikani zala m'chiuno, mutsike nazo chakutsogolo mpaka mutapeza timafupa tiwiri tosongoka, kamodzi kumanja kena kumanzere, m'munsi pang'ono mwa mzere wa mchombo. Timafupa timeneti ndi timene tizikuuzani zoona. Matani kachidutswa ka tepi yoyera pa chovala pamwamba pa kafupa kalikonse, kapena mangani chingwe chodutsa pa tonse tiwiri. Fupa lachitatu loti mulidziwe ndi la pachinena, kutsogolo m'munsi.

Mafupa a m'chiuno ali ngati beseni lodzaza madzi limene mwalinyamula m'kati mwa thupi. Likapendekera kutsogolo, madzi atayikira ku zala: matako atuluka kumbuyo, msana wakhota kwambiri, mimba yatsogola. Likapendekera kumbuyo, madzi atayikira kuzidendene: matako alowa pansi, msana waphwa, mawondo akufuna kupindika. Likapendekera kumbali, chingwe chija chapendama. Chimene tikufuna n'chakuti timafupa tiwiri tija tikhale pa msinkhu wofanana, ndipo mukayang'ana chakumbali, tikhale pa mzere umodzi woimirira ndi fupa la pachinena.

N'kosavuta kuzimva mutagona. Gonani chagada pa mphasa, mawondo opinda, mapazi pansi. Ikani zikhatho pa timafupa tija, nsonga za zala zikumane pa fupa la pachinena. Pendeketsani chiuno kuti msana ukanikize mphasa, kenako pendeketsani kwina kuti msana unyamuke. Bwerezani ka 5 pang'onopang'ono, n'kuima pakati, pamene manja anu agona mofanana, osakwera kumutu kapena kumapazi. Pansi pa msana patsale kampata kolowa zala zokha. Mukapamva pamenepo, imirirani cham'mbali kwa galasi, manja ali pomwepo, mupapezenso.

Apa m'pamene aphunzitsi ambiri amawonongera ana ndi mawu amodzi: "Lowetsa matako!" Mwana akamva zimenezo amafinya matako n'kukankhira chiuno kutsogolo, ndiye wachoka pa vuto lina n'kugwera pa lina. Chiuno chofinyidwa motero chimamanga nyung'unyu, mwendo sungayende momasuka, ndipo ntchafu zimatopa msanga. Mawu abwino ndi akuti, "Iwe, talika." Fupa la kumapeto kwa msana liloze pansi, mchombo ukokere pang'ono m'kati ndi m'mwamba, nthiti zisatuluke kutsogolo, mutu ukwere. Kenako muuzeni awerenge mokweza kufika 10. Akalephera kulankhula bwinobwino, ndiye kuti wamanga mpweya, osati kuwongola thupi.

Phazi ndi bondo

Phazi lili ndi mafupa 26, koma poima mumafunika kuganiza za malo atatu okha: chidendene, tsinde la chala chachikulu, ndi tsinde la chala chaching'ono. Onse atatu agunde pansi. Dzutsani zala zonse m'mwamba mutaima, mumve malo atatuwo, kenako muzigoneke zala zitatambasuka, osati zitakwinyika. Zala zikamakumba pansi, ndiye kuti thupi likusaka mphamvu imene ikusowa kumtunda.

Cholakwika chofala ndi phazi logwera m'kati. Mkati mwa phazi mwaphwa, chala chaching'ono chayandama, kakolo wam'kati watsikira pansi. Phazi likagwa chonchi bondo limalitsatira, ndipo chiuno chimatsatira bondo.

Bondo la mwendo woimira liwongoke, chivundikiro chake chikokedwe m'mwamba ndi minofu ya ntchafu. Koma pali ana ena, makamaka atsikana ofewa mafupa, amene mawondo awo amapitirira kumbuyo akaima. Pamaso zimaoneka zokongola, koma mwana akangokankhira bondo kumbuyo n'kupumirapo, kulemera konse kumathawira kuchidendene ndipo minofu imagona tulo. Wotereyu aphunzire kuimitsa bondo pamene mwendo wawongoka, osati pamene wathera.

Kutembenuzira miyendo kunja

Kaimidwe ka mapazi ka mitundu isanu kamene timagwiritsa ntchito lero kanakhazikitsidwa ku France m'nthawi ya Mfumu Louis XIV, amene anatsegula bungwe la magule lotchedwa Académie Royale de Danse ku Paris mu 1661, ndipo dzina limene limatchulidwa pa ntchitoyo ndi la Pierre Beauchamp, mphunzitsi wa magule wa mfumuyo. Mitundu yonse isanuyo imafuna miyendo yotembenukira kunja, chimene aphunzitsi amati turnout. Pa zithunzi mumaona zidendene zitagundana, zala zitaloza kumanja ndi kumanzere pa mzere umodzi wa madigiri 180. Ophunzira amaona zimenezo n'kupotoza mapazi mpaka afanane ndi chithunzi. M'pamene mavuto ambiri a mwendo woimira amayambira.

Kutembenuka kumachokera mu nyung'unyu, pamene mutu wa fupa la ntchafu umalowa m'chiuno. Kuseri kwake, pansi pa mnofu waukulu wa thako, kuli timinofu 6 timene timazunguza fupalo. Kuchuluka kwa mmene lingazungulire kumadalira kapangidwe ka mafupa amene munabadwa nawo, ndipo anthu ambiri safika pa 180. Mukakakamiza phazi kupitirira pamene nyung'unyu yalola, chotsalacho chimalipidwa ndi bondo lopotoka, phazi logwera m'kati, ndi chiuno chopendekera kutsogolo.

Dziyezeni chonchi. Imani mapazi ali pamodzi atayang'ana kutsogolo, manja onse pa barre, chiuno chili pamene munachipeza paja. Dzutsani zala pang'ono kuti kulemera kukhale kuzidendene, kenako tsegulani miyendo yonse iwiri nthawi imodzi kuchokera kumtunda kwa ntchafu, mawondo ali owongoka. Pamene yaima yokha, gonekani zala. Osawonjezerapo mwa kukwekwesa phazi. Jambulani ndi choko mozungulira mapazi. Kameneko ndiko kaimidwe kanu koyamba, ngakhale katakhala kopapatiza. Chitani demi-plié (kupinda mawondo pang'ono): bondo lililonse lipite pamwamba pa chala chachiwiri ndi chachitatu. Mukayang'ana pansi n'kuona chala chachikulu chili kunja kwa bondo, mwaba. Bwezani mapazi m'kati pang'ono.

Wophunzira amene waima pa madigiri 90 pakati pa mapazi onse awiri, n'kuwasunga kuyambira plié mpaka grand battement (kuponya mwendo m'mwamba), ali patsogolo pa mnzake amene waima pa 170 koma akuwataya mwendo ukangochoka pansi.

Kusamukira pa mwendo umodzi

Gawo ili ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndi limene anthu amathamangira.

Mukaima ndi miyendo iwiri, kulemera kwanu kumagwera pakati pa mapazi. Kuti mwendo umodzi umasuke, kulemerako kuyenera kusamukira pamwamba pa phazi linalo. Funso ndi lakuti kusamuke motani. Pali njira ziwiri zolakwika.

Yoyamba ndi kukhalira chiuno. Chiuno cha mwendo woimira chimatulukira kumbali, cha mbali inayo chimagwa, nthiti zimatsikira pa chiuno. Ndi mmene timaimira podikira minibasi pa M1 kapena titanyamula mwana pambali, ndiye thupi linazolowera kale, ndipo limakonda chifukwa minofu siigwira ntchito. Dokotala wa ku Germany Friedrich Trendelenburg anafotokoza chizindikiro chimenechi mu 1895: munthu akaima ndi mwendo umodzi, chiuno cha mbali yoyandama n'kugwa, ndiye kuti minofu ya m'mbali mwa chiuno cha mwendo woimira siikugwira bwino. Madokotala amayezabe motero mpaka lero. Mnofu waukulu pa ntchitoyi umatchedwa gluteus medius. Ikani chikhatho m'mbali mwa chiuno, m'munsi mwa mkombero wa fupa, chakumbuyo pang'ono. Mukaima ndi mwendo wa mbali imeneyo muumva ukuuma.

Yachiwiri ndi kukweza chiuno cha mwendo woyenda. Wophunzira amanyamula mwendo ndi chiuno chonse, mbali imeneyo imafupika, chingwe chija chimakwera. Izi zimachitika kwambiri mwendo ukamapita kumbali.

Njira yoyenera yesani motere. Yang'anani barre, nsonga za zala za manja onse zili pamenepo, mapazi m'kaimidwe koyamba. Talikani kaye, kusamuka kumayamba ndi kukwera, osati kutsetsereka. Kenako sunthani mutu, nthiti ndi chiuno zonse pamodzi, masentimita ochepa okha, kupita pamwamba pa phazi lakumanzere, kulemera kukafike chakutsogolo kwa phazilo pamene zala zimayambira, chidendene chili pansibe. Kankhani pansi ndi mwendo wakumanzerewo. Mumve mpata ukutseguka pakati pa nthiti ndi chiuno, ndiponso kutsogolo kwa nyung'unyu. Tsopano dzutsani phazi lakumanja pang'ono chabe, kuti pepala lingadutse pansi pake. Ngati mwalidzutsa popanda china chilichonse kugwedezeka, mwasamuka bwino. Ngati panafunika kagwedezo kena kuti linyamuke, kulemera kunatsalira pakati.

Yang'anani matepi aja. Ali pa msinkhu umodzi? Onse akuyang'ana kutsogolo? Chotsani manja pa barre, muwerenge kufika 8. Bwererani pa miyendo iwiri, musamukire kumanja. Chitani ka 8 mbali iliyonse musanayambe barre tsiku lililonse. N'zotopetsa kuziona, ana amadandaula kuti sakuvina, koma musawamvere chisoni pa ichi.

Mbali imodzi idzakhala yovuta kuposa inzake. Ndi mmene anthu tilili. Yofookayo muziyambira ndiponso muziipatsa nthawi yowonjezera.

Dzanja pa barre

Mukatembenuka kuti mugwire ndi dzanja limodzi, ndipo mwambo wake timayamba ndi lakumanzere, dzanjalo likhale patsogolo pang'ono pa thupi, pamene mungalione ndi ngodya ya diso osatembenuza mutu. Likatsalira kumbuyo limapotoza phewa, phewa limapotoza nthiti, nthiti zimapotoza chiuno. Chigongono chikhale chopinda pang'ono ndi chomasuka. Chala chachikulu chigone pamwamba pamodzi ndi zinzake, chisazungulire mtengo. Mukaima pafupi kwambiri mudzakhalira chiuno chakunja; mukaima kutali mudzayedzamira. Pakati pa sitepe iliyonse dzutsani dzanja mwadzidzidzi. Mphunzitsi akhoza kungoomba m'manja nthawi imene ana sakuyembekezera, onse n'kusiya barre. Amene wagwa wadziulula yekha.

Sitepe ndi sitepe

Pa plié chiuno chimatsika chowongoka pakati pa zidendene. Matako asatuluke kumbuyo potsika, asalowe pansi pokwera. Pa demi-plié zidendene sizichoka pansi. Grand plié (kupinda mawondo mpaka kutsika kwambiri) isiyeni kaye mpaka demi-plié itakhazikika.

Tendu ndiyo sukulu yeniyeni ya mwendo woimira. Samukani kaye monga tachitira, kenako phazi likwekwese pansi mpaka litawongoka, nsonga za zala zili pansi koma zosasenza kanthu. Kutsogolo, chidendene chitsogole ndipo chiuno cha mbali imeneyo chisapite nawo. Kumbali, phazi litsate kumene zala zikuloza pa chojambula cha choko chija. Ngati turnout yanu siifika 180, ndiye kuti kumbali kwanu kuli chakutsogolo pang'ono. Mukakakamira kupita kumbali kwenikweni, chiuno chitseguka kapena mwendo utembenukira m'kati. Kumbuyo ndiko kovuta: mwendo ufupike pang'ono kusiyana ndi mmene mtima ukufunira, mimba igwire, matepi onse awiri ayang'anebe kutsogolo. Pobwerera, musakhale pansi kuti phazi lilowe. Talikani kuti lipeze malo.

Chinthu chimene ambiri sachidziwa n'chakuti mwendo woimira uyenera kupitiriza kutembenukira kunja nthawi yonse imene unzake ukuyenda. Mwendo wakumanja ukamapita kumbali kapena kumbuyo umakoka chiuno, ndipo ngati ntchafu yakumanzere siikukana, bondo lake limagwera m'kati. Choncho maganizo anu theka akhale kuseri kwa ntchafu yoimira.

Dégagé ndi tendu yomweyo, phazi litachoka pansi pang'ono ndi mofulumira. Liwiro likawonjezeka chiuno chimayamba kuvina. Chepetsani liwiro mpaka chitasiya.

Rond de jambe wapansi amazungulira kutsogolo, kumbali, kumbuyo, n'kudutsa m'kaimidwe koyamba, kenako mobwerera. Malo oopsa ndi pakati pa kumbali ndi kumbuyo, pamene chiuno chimafuna kutsegukira mwendo. Ikani dzanja lomasuka pa kafupa ka mbali yoyendayo kuti mukamve kakathawa. Bwalo laling'ono, chiuno chili phee, ndi labwino kuposa lalikulu.

Fondu amaonetsa zonse poyera, chifukwa mwendo woimira umapinda uli wokha. Jambulani kuchokera kutsogolo. Bondo lipite pamwamba pa zala, potsika ndi pokwera pomwe, ndipo miyendo yonse iwiri iwongoke nthawi imodzi. Bondo likamagwedera uku ndi uku, tsikani pang'ono chabe kwa masabata angapo.

Pa retiré, pamene chala chimakwera mpaka pa bondo la mwendo woimira, ntchafu ikwere koma thako la mbali imeneyo litsalire pansi. Ikani chala chanu pamalo opindikira kutsogolo kwa nyung'unyu: payenera kupindika mofewa. Pakapanda kupindika, chiuno chakwera. Développé (kutambasula mwendo pang'onopang'ono m'mwamba) imayambira pa retiré yomweyi, ndiye ikalakwika apa yalakwika yonse. Tsegulani mwendo pa madigiri 45 okha mpaka mutatha kuusunga pamenepo masekondi angapo manja ali m'chiuno. Mwendo wokwera kwambiri kumbali, kupitirira madigiri 90, umapendeketsa chiuno pang'ono ngakhale kwa akatswiri, ndipo pa arabesque (kuima ndi mwendo umodzi, unzake utakwezedwa kumbuyo) chiuno chimayenera kupendekera kutsogolo chifukwa nyung'unyu payokha siilola ntchafu kupita kutali kumbuyo. Koma kumeneko ndi kupendeka kosankha, kochirikizidwa ndi mimba ndi msana, ndipo kumaphunziridwa ndi munthu amene wayamba wadziwa kukhala bata pansi.

Grand battement: mwendo uponyedwe, china chilichonse chisadziwe. Bondo loimira likapinda, chidendene chikanyamuka, kapena mutu ukagwa, mwakweza mopitirira msinkhu wanu wa lero.

Mafizo apakhomo

Barre yokha siikwanira kulimbitsa minofu ya m'mbali mwa chiuno ngati ili yofooka kwambiri. Kukwera phiri la Dedza kumalimbitsa ntchafu ndi mtima, koma minofu imeneyi imafuna ntchito yakeyake. Masiku atatu pa sabata, mphindi 15, n'zokwanira.

Gonani cham'mbali pa mphasa, msana ndi matako zitagunda khoma, mawondo opinda, zidendene pamodzi. Tsegulani bondo lapamwamba osasuntha chiuno, mutseke pang'onopang'ono, ka 12. Muzimva kuseri kwa thako. Kenako wongolani mwendo wapamwamba, chidendene chigunde khoma, mukweze mwendo chidendene chikukwekwesa khomalo, ka 12. Sufunika kukwera kwambiri.

Imani ndi mwendo umodzi pa sitepe ya pakhonde kapena pa njerwa yokhazikika, unzake uli lende m'mbali. Mawondo onse owongoka, tsitsani chiuno cha mwendo wolendewera pang'ono, kenako chibwezeni pa mzere pogwiritsa ntchito mbali yoimirayo. Ka 10. Fizo imeneyi imaphunzitsa thupi kusiyanitsa kukhalira chiuno ndi kuimirira pa icho, ndipo pa zonse ndiyo imene sindingalole kuti muidumphe.

Chubu chakale cha njinga chimagwira ntchito ya mphira yokokera imene amagulitsa modula m'masitolo a zamasewera. Dulani, mumange mozungulira miyendo pamwamba pa mawondo, mupinde mawondo pang'ono, muyende cham'mbali masitepe 10 kupita ndi 10 kubwerera, mapewa osagwedera. Gonaninso chagada mawondo opinda, mukweze chiuno, mudzutse phazi limodzi osalola mbali imeneyo kugwa, muwerenge kufika 5, musinthe.

Malizani ndi kuima pa mwendo umodzi masekondi 30 osagwira kanthu. Zikaphweka, tsinzinani. Zikaphwekanso, imani pa bulangete lopinda. Onjezani relevé (kunyamula chidendene n'kuimira chakuzala) ya mwendo umodzi ka 8, mukugwira khoma, kulemera kuli pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri, kakolo osathawira kunja.

Kutentha kwa minofu m'mbali mwa thako ndi kutopa kwa tsiku lotsatira n'zoyembekezeka. Ululu wolasa m'kati mwa bondo, kutsina kutsogolo kwa nyung'unyu pokweza mwendo, kapena kulira kwa m'chiuno kobwera ndi ululu, zimenezo ndi zina: siyani sitepe imene ikuyambitsa, bwezani turnout m'kati, ndipo zikapitirira masiku angapo pitani kuchipatala. Mwana amene akutsimphina kapena kudandaula chiuno kapena bondo ngakhale sakuvina apite msanga, asadikire. Ana amene akukula mofulumira amataya kukhazikika kwa miyezi ingapo chifukwa mafupa amatalika minofu isanazolowere. M'nyengo imeneyo tsitsani miyendo, onjezani ntchito yoyang'ana barre ndi manja awiri, ndipo muwauze makolo chifukwa chake kuti asaganize kuti mwana wabwerera m'mbuyo.

Jambulani tendu, fondu ndi retiré kuchokera kutsogolo lero, matepi ali m'chiuno, musunge kanemayo. Mudzajambulenso pakatha masabata 6, foni ili pamalo omwewo ndi pa msinkhu womwewo, n'kuyerekeza mzere wa matepi ndi njira ya bondo loimira.